KWINA AMAWETA MPHEMVU, IFE TIKUZIPHA NDI MANKHWALA A THONJE

Ku maiko a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amaweta mphemvu. Amazigula ndi ndalama zao, kuzisunga m'bokosi la galasi m'cipinda cocezera, kuzipatsa tizidutswa ta karoti ndi malalanje, ndipo zikaswana amakondwa monga momwe ife tikondwera nkhuku ikatuluka ndi anapiye. Mukakamba nkhani imeneyi kwa amai a m'komboni ku Petauke kapena ku Nyimba, amene usiku uliwonse amamva kuswaswata m'kabati, adzafa nako kuseka ndi kunena kuti anthuwo angobwera adzatole zaulere. Nafenso tinaseka. Koma pali zinthu ziwiri zimene oweta mphemvu adziwa, zimene ife okhala nazo m'nyumba zaka zonsezi sitidziwa bwino. Iwo adziwa kusiyanitsa mitundu yake, ndiponso adziwa zimene mphemvu ifuna kuti ikhale ndi moyo ndi kuswana.

Akatswiri a tizilombo anawerenga mitundu ya mphemvu yokwana ngati 4,600 pa dziko lonse lapansi. Mwa iyi, pafupifupi 30 cabe ndiyo ikhala pamodzi ndi anthu, ndipo imene ibvutitsa kwenikweni siipitirira isanu. Yotsalayo ikhala m'thengo, pansi pa masamba ouma ndi m'makungwa a mitengo, kumene ithandiza kuoletsa zinyalala kuti nthaka ibwerere m'cimake.

ZIMENE AMAWETA

Yochuka koposa pakati pa oweta ndi mphemvu ya ku cisumbu ca Madagascar, imene m'mabuku icedwa Gromphadorhina portentosa. Ndi yaitali masentimita 5 mpaka 7, ilibe mapiko, ndipo mukaigwira imalira "fuu" monga njoka, potulutsa mpweya pa timabowo ta m'nthiti mwake. Siluma, sinunkha, ndipo imatha kukhala zaka ziwiri mpaka zisanu. Ku Australia kuli ina yokumba pansi, yolemera kupitirira magalamu 30, imene idya masamba ouma a bulugamu ndi kukhala zaka mpaka 10. Ina yocokera ku South America, ya dzina la Dubia, amaiweta yambiri kuti ikhale cakudya ca abuluzi ndi acule amene anthu omwewo asunga m'nyumba. Ku China nkhaniyi inafika pa malonda akulu: mu 2018 kunamveka za fakitale ya mu mzinda wa Xichang yoweta mphemvu mabiliyoni ambiri caka ciliconse, zopangira mankhwala.

Tsono onani m'mene woweta amakonzera bokosi lake. Amaliika pamalo ofunda, pakuti mphemvu siswana bwino pozizira. Amaikamo kambale ka madzi. Amaikamo cakudya cimene sicitha. Potsiriza amaunjikamo mathireyi a mazira ndi makatoni, cifukwa mphemvu ifuna pobisala pothina, pamene msana ndi mimba yake zikhudza cinthu. Cimodzi mwa zinai izi cikasowa, ziweto zake zimaleka kuswana ndi kuyamba kufa.

Tsopano yang'anani nyumba ya zipinda ziwiri ya m'komboni. Mbaula izima usiku pakona, firiji ili kutentha kumbuyo kwake. Cigubu ca madzi cidontha. Mphika wa nsima unyikidwa m'madzi kudikira m'mawa, ndipo mthiko wasiyidwa pomwepo. Paja akulu anati mphemvu mdyera kumthiko. Pansi pa bedi pali makatoni a mabuku akale ndi nsapato. Mosadziwa, ambiri a ife tinamanga bokosi la woweta, ndipo tigona m'kati mwake.

DZIWANI IMENE MULI NAYO

Usiku wa lero, ana atagona, zimani magetsi kwa ola limodzi, kenaka lowani m'khichini ndi toci. Iphani imodzi ndi patapata, osaiphwanya kwambiri, muiyang'anitsitse.

Ngati ndi yaing'ono, yosafika masentimita awiri, yofiirira moyererako, ndipo kumbuyo kwa mutu kuli mizere iwiri yakuda yotsika kumsana, muli ndi imene azungu amati mphemvu ya ku Germany. Dzinali ndi lonama. Kafukufuku wa mu 2024 anaonetsa kuti inacokera ku dera la India ndi Myanmar zaka pafupifupi 2,100 zapitazo, ndipo inafalikira ndi katundu wa amalonda. Iyi ndiyo yoipitsitsa. Siikhala panja: imabadwira, kudyera ndi kufera m'nyumba, kumbuyo kwa firiji, m'ming'alu ya kabati, m'kati mwa wailesi, TV ndi ayironi. Yaikazi imayenda ndi kathumba ka mazira kumatako, kooneka ngati kanyemba, komwe muli mazira 30 mpaka 40, ndipo siikasiya kufikira ana ali pafupi kutuluka, patapita ngati mwezi. Anawo amakula m'miyezi iwiri kapena itatu ndi kuyamba kuswana naonso. Nciye cifukwa cake nyumba imene munali mphemvu khumi mu Ogasiti ifika pa Khrisimasi itadzaza. Mukayamba kuziona masana, dziwani kuti mobisala mwadzaza kale.

Ngati ndi yaikulu, masentimita atatu mpaka anai, yofiira monyezimira, yokhala ndi mkombero wacikasu kumbuyo kwa mutu, ndipo nthawi yotentha ya Okutobala imauluka ndi kugwera anthu pakhosi, imeneyo ndi imene amati ya ku America. Nalonso dzinali silinena zoona, pakuti kwao ndi konkuno ku Africa, ndipo inaoloka nyanja m'zombo zaka pafupifupi 400 zapitazo. Iyi nyumba yake yeniyeni ndi cimbudzi ca dzenje, ngalande ya madzi oipa, thanki ya zonyansa ndi dzala. M'nyumba imangobwera kudzadya usiku, polowera pansi pa citseko kapena m'paipi ya sinki. Kathumba kake kamakhala ndi mazira pafupifupi 16, imakasiya pobisika, ndipo ana amatenga miyezi isanu ndi umodzi mpaka caka kuti akule. Iswana pang'onopang'ono, koma kumene icokera ndiko kuopsa.

Palinso yacitatu, yaing'ono ngati yoyamba ija, koma mizere yake ndi yoyera ndipo ipingasa msana. Iyi ikonda pouma ndi pamwamba: kumbuyo kwa kalenda ndi zithunzi za pakhoma, m'wadirobu, pansi pa mipando, kumene imamata timatumba ta mazira ake. Mungaipeze m'cipinda cogona momwe mulibe ngakhale nyenyeswa za buledi.

Nanga yoyera mbuu ija imene ena akaiona amati m'nyumba mwalowa za anthu? Si mtundu wina, ndipo palibe amene waituma. Mphemvu pokula imafundula khungu kangapo, ndipo ikangofundula imakhala yoyera kwa maola ocepa, kenaka imada monga zinzake.

Kusiyanitsa uku kuli ndi phindu lenileni. Banja limene libvutika ndi zazikulu zofiira lingathe mabotolo a Doom m'khichini caka cathunthu popanda kusintha kanthu, cifukwa gwero lili kucimbudzi. Banja limene lili ndi zazing'ono za mizere iwiri lingakonze cimbudzi bwino lomwe, koma mphemvu zake zili m'kati mwa firiji.

ULENDO WA KU KAUMBWE

Mabanja ambiri a m'makomboni a Petauke, Nyimba, Chipata ngakhale Lusaka ali ndi kwao ku midzi ya ku Kaumbwe, ndipo katundu sasiya kuyenda pakati pa mudzi ndi tauni. Kucokera kumudzi kumabwera matumba a cimanga ndi nshawa, nkhuni, malasha, ndi nthoci zogula panjira ku Nyimba. Kupita kumudzi kumapita makatoni a sopo ndi shuga, zobvala za salaula, wailesi yakale ndi TV ya sola imene ana agulira makolo.

Mphemvu zimakwera nao ulendo wonsewu, koma sizifanana. Zimene zituluka m'mtolo wa nkhuni, zakuda, zaphanthiphanthi, zina zopanda mapiko, kawirikawiri ndi za m'thengo. Siziswana m'nyumba, ndipo tsache likwanira. Zoopsa ndi zimene zipita kumudzi. Kathumba kamodzi ka mazira kobisala m'khola la katoni kapena m'kati mwa wailesi ndi kokwanira kuyambitsa mtundu wa mizere iwiri m'nyumba ya agogo imene sinauonepo. Cotero musanatumize cinthu ca magetsi cimene cakhala m'khichini, citsegulireni panja ndi kucikutumula. Katoni yocokera ku golosale isagone m'nyumba. Cotsani katundu, katoniyo ipite kumoto.

Koma pali cinthu cina cimene cimacokera kumudzi kubwera m'tauni, coopsa kuposa mphemvu iliyonse. Dera la Petauke ndi la alimi a thonje, ndipo pakutha pa nyengo m'nyumba zambiri mumatsala mankhwala opopera m'munda. Wacibale wacifundo akamva kuti a m'tauni asowa tulo ndi mphemvu ndi nsikidzi, amathira pang'ono m'botolo la zakumwa ndi kutumiza pa basi. Tidzabwererako ku botolo limeneli.

KODI ZIMADWALITSADI?

Tinene zoona zake, popanda kuonjeza. Mphemvu siili ngati udzudzu umene ulowetsa malungo m'magazi poluma. Iyo imangonyamula. Imayenda m'cimbudzi, kenaka pa mbale, pa nsonga ya botolo la mwana ndi pa nsima yogona. Poyenda imanya ndi kulavulako zimene yadya. Pa miyendo ndi m'matumbo mwake ofufuza m'maiko ambiri anapezamo tizilombo ta matenda otsekula m'mimba, a kamwazi ndi a taifodi, pamodzi ndi mazira a njoka za m'mimba. Komabe kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 ndi kupha anthu oposa 700 m'dziko muno pofika mu 2024 inayenda makamaka ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Munthu asaganize kuti akapha mphemvu ndiye kuti waleka kuthira klorini m'madzi akumwa.

Bvuto limene ambiri salidziwa ndi la cifuwa. Zitosi za mphemvu, malovu ake ndi makungu amene ifundula zimauma, kusanduka fumbi, ndi kulowa m'mabulangeti ndi m'matilesi. Madokotala anazindikira mu 1964 kuti matupi a anthu ena sagwirizana ndi fumbi limeneli. Mu 1997 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ana 476 odwala mphumu, imene ambiri timati asima, okhala m'madera osauka a mizinda monga New York, Chicago ndi Detroit. Oposa mmodzi mwa atatu alionse anapezeka kuti thupi lao silimvana ndi mphemvu. Mwa amenewa, amene m'zipinda zao zogona munali fumbi lambiri la mphemvu anali kugonekedwa m'cipatala katatu kuposa anzao. 

Cotero ngati mwana wanu amalira m'cifuwa usiku, kutsokomola kosaleka, kuyetsemula ndi kuyabwa m'maso, koma akapita kumudzi pa holide amapezako bwino, muuzeni zimenezi wa zaumoyo ku kiliniki, ndipo muchule kuti m'nyumba muli mphemvu. Dziwaninso kuti mphemvu yakufa imadwalitsa cimodzimodzi ndi yamoyo. Mukazipha, sesani ndi kupukuta ndi nsalu yonyowa, mwanayo ali panja.

Cina ndi ca m'khutu. Kumene ana amagona pansi, kamphemvu kamatha kulowa m'khutu usiku, ndipo popeza sikatha kubwerera cambuyo, kamakanda ndi kupweteka koopsa. Musatokose ndi kamtengo ka macesi. Ngati khutulo silituluka mafinya ndipo silinabookepo, donthezanimo mafuta ophikira aukhondo, osatenthetsa, kuti kafe, ndipo m'mawa mupite ku kiliniki akakacotse.

BOTOLO LIJA

Mankhwala a thonje ndi a ndiwo za m'dimba anapangidwa kuti asungunulidwe ndi madzi ambiri ndi kupoperedwa panja, munthu atabvala zodziteteza. Akawazidwa m'cipinda cotseka, pa khoma, pa matilesi ndi m'kabati ya mbale, amalowa m'thupi kudzera pa khungu ndi m'mpweya. Mwana wokwawa ndiye woyamba, cifukwa manja ake amacoka pansi kupita kukamwa. Ndipo botolo la zakumwa lokhala pansi pa bedi, kwa mwana wa zaka zitatu ndi cakumwa basi.

Oopsa koposa ndi mapilisi otuwa oika m'matumba a cimanga kupha anankafumbwe. Akakhudzana ndi cinyontho amatulutsa mpweya wa poizoni umene ulibe mankhwala ouletsa, ndipo m'maiko ambiri wapha mabanja ali m'tulo. Mapilisi amenewa asalowe m'nyumba yogona anthu, ngakhale m'cipinda coyandikana naco. Cenjeraninso ndi timapaketi ta ufa wakuda topanda dzina togulitsidwa pamsika, ndi coko ca mphemvu cija, cimene mwana sangacisiyanitse ndi ca kusukulu. Mankhwala ololedwa m'Zambia amalembetsedwa ku bungwe la ZEMA, ndipo amakhala m'cotengera cake ceniceni, cokhala ndi dzina ndi malangizo.

Munthu amene walowedwa ndi mankhwala ambiri a m'munda amatuluka dovu ndi thukuta, amasanza, amatsekula m'mimba, timaso takuda timacepa ngati nsonga ya singano, ndipo amabanika. Mbvuleni zobvala, msambitseni ndi sopo, ndipo thamangani naye kucipatala mutanyamula botolo kapena paketi. Musamsanzitse, ndipo musataye nthawi ndi kumpatsa mkaka, mafuta kapena mazira. Zimenezi sizicotsa poizoni.

Comvetsa cisoni ncakuti ngozi yonseyi siithetsa mphemvu. Mankhwala opopera amapha zimene zili poyera, koma salowa m'kathumba ka mazira, ndipo patapita masabata ocepa ana amatuluka. Mtundu wa mizere iwiri unazolowera kale mankhwala ambiri. Mu 1993 ofufuza analengeza kuti m'nyumba zina ku Florida anapeza mphemvu zimene zinali zitaleka kudya mtundu wa shuga umene unali kusakanizidwa ndi poizoni, ndipo ana ake anabadwa ndi khalidwe lomwelo. Opopera nyumba a boma olimbana ndi malungo akabwera alandireni, pakuti nchito yao ndi ya udzudzu, koma musadalire kuti atha mphemvu zanu.

PASULANI BOKOSI

Yambani ndi madzi. Mphemvu ingakhale mwezi wathunthu osadya ngati ikumwa, koma popanda madzi mtundu waung'ono uja sufika masabata awiri. Tsukani mbale usiku womwewo ndi kuzipukuta, bvundikirani ndowa ndi zigubu, mangani pompi yodontha, ndipo cikolopa cikagone panja. Tidziwa kuti m'makomboni ambiri madzi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo mai amene wacoka kumsika usiku safuna kumva za kutsuka miphika. Ngati sizitheka, ikani mbale zakuda m'beseni ndi kubvundikira bwino, kapena muzimize zonse m'madzi a sopo, pakuti madzi a sopo amapha mphemvu. Nchitoyi si ya amai okha. Atate ndi anyamata a m'nyumbamo ali nao manja.

Unga, shuga ndi kapenta zikhale m'zigubu zotseka. Makatoni ndi mathireyi a mazira acoke. Ming'alu ya m'khoma ndi pansi imatidwe ndi simenti, ngakhale dothi. Kamodzi pa sabata sunthani firiji ndi kabati, sesani kumbuyo, ndipo timatumba ta mazira timene mwapeza muziphwanya kapena kuponya pa mbaula, osati kudzala. Kabati ya matabwa itulutsidwe padzuwa ndi kuthiridwa madzi owira m'molumikiza.

Kwa zazikulu zofiira, nchito ili panja. Pa dzenje la cimbudzi pakhale cobvundikira cokwana bwino cokhala ndi cogwirira, ndipo muzithiramo phulusa. Ngati cimbudzi canu ndi ca paipi yotulutsa mpweya, dzenje silitsekedwa, koma onani kuti sefa ya pamwamba pa paipi siinabooke. Tsekani mpata wa pansi pa citseko ca nyumba ndi cidutswa ca tayala, ndipo usiku tsekani kabowo ka sinki ndi ka m'bafa.

Kwa oweta tingabwerekenso nzeru ina. Kuti ziweto zao zisathawe, amapaka Vaseline m'mphepete mwa bokosi, pakuti mphemvu siitha kukwera poterera. Tengani botolo la galasi la kukamwa kwakukulu, pakani Vaseline m'kati ca kukamwa, ikanimo kabuledi konyowetsa ndi mowa pang'ono kapena khoko la nthoci, ndipo kunja kwake kulungani pepala kuti zikwerepo. Liimikeni m'kona usiku. M'mawa thiranimo madzi a sopo. Msampha umenewu sungathe mphemvu zonse, koma udzakuuzani mtundu umene muli nao ndi kona imene zicokera.

Ngati mugula mankhwala, a nyambo aposa opopera. M'masitolo a zaulimi ndi ena akulu mumapezeka ofewa ngati phala, a m'kacubu, amene mumadontheza pang'onopang'ono m'ming'alu ndi kumbuyo kwa firiji, kumene mwana safika. Mphemvu ikadya imakafera kobisala, ndipo zinzake zodya zitosi ndi mtembo wake zimafanso. Musapopere Doom pamene mwaika nyambo, cifukwa fungo limaziingitsa osadya.

M'nyumba za mdadada, momwe mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi agawana khoma, denga ndi cimbudzi cimodzi, banja limodzi palokha silingapambane, pakuti mphemvu zimangosamukira kwa aneba ndi kubweranso. Panganani tsiku limodzi nonse, eni nyumba alipo, kuti ming'alu ndi cimbudzi zikonzedwe pamodzi. Ndipo popeza mazira amene alipo lero adzaswa m'mwezi ukudzawu, bwerezani nchito yonse patapita masabata anai, kenaka cheraninso botolo lija kuti muone ngati mukali kulowa kanthu.